Zovala za malebo otchuka: mafunso ndi mayankho kwa a ku Kasungu

Pa Kasungu boma masiku ano simungachoke pa depoti kukafika mumsika osakumana ndi Gucci, Nike, Lacoste kapena LV (Louis Vuitton). Maina amenewa ali pachifuwa pa wakabaza, pa lamba wa kalaliki, pa chikwama cha mayi wopita ku chinkhoswe. Nkhani ya malebo ikayambika, kaya ndi mu saluni, pa bawo kapena pa gulu la WhatsApp, mafunso ake amakhala omwewomwewo. Tawasonkhanitsa pano.

Kodi n'zoona kuti lebo ya pa malaya imasintha mmene anthu amakuonera?

Imasintha, ndipo anthu adaziyesa. Mu 2011 ofufuza awiri a pa yunivesite ya Tilburg ku Netherlands, Rob Nelissen ndi Marijn Meijers, adaonetsa anthu zithunzi za bambo mmodzi atavala malaya. Pa zithunzi zina panali kang'ona ka Lacoste kapena chizindikiro cha Tommy Hilfiger, pa zina panalibe kanthu. Amene adaona chizindikiro adamuika bamboyo m'gulu la olemera ndi olemekezeka kuposa mmene adamuikira enawo. Kenako adatumiza mayi wina pamalo ogulitsira zinthu kuti azipempha odutsa aime pang'ono ayankhe mafunso. Atavala juzi ya Tommy Hilfiger, anthu 52 mwa 100 alionse adavomera. Atavala juzi yopanda chizindikiro, adaima ndi 13 okha.

Kafukufuku yemweyo ali ndi mbali ina imene ogulitsa zovala sangakonde kuimva. Anthu atauzidwa kuti wovalayo malayawo adachita kupatsidwa, ulemu wapadera uja udatha. Ndiye kuti chimene anthu amagwadira si ng'onayo ayi, koma ndalama zimene akuganiza kuti zili kumbuyo kwake. Apa m'pamene nkhani ya ku Netherlands imasiyana ndi ya kwathu. Kumeneko odutsa aja sankamudziwa mayiyo. Kuno, pa Chamama, pa Santhe kapena pa Nkhamenya, anthu akudziwa kuti ndinu mwana wa ndani, mwalima maekala angati chaka chino, ndipo ngongole ya feteleza mwabweza kapena ayi. Lebo imamveka kwambiri kwa mlendo. Kwa anthu a m'mudzi mwanu imangowonjezera nkhani pa zimene akudziwa kale.

Kachizindikiro kongosokerera pachifuwa kamaitenga kuti mphamvu yotere?

Makampani adachita kuimanga, ndipo zidawatengera zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani. Louis Vuitton adayamba mu 1854 ku Paris ngati mmisiri wa mabokosi a paulendo a anthu apamwamba. Zilembo za LV zimene zadzaza pa zikwamazi adaziyambitsa ndi mwana wake Georges mu 1896, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti anthu anali atayamba kale kukopera katundu wawo. Gucci idabadwa mu 1921 ku Florence, m'dziko la Italy, nayonso ndi zinthu zachikopa. René Lacoste anali katswiri wa tenisi amene anthu adamupatsa dzina loti Ng'ona, ndipo mu 1933 adayamba kugulitsa malaya okhala ndi ng'ona poonekera, pa nthawi imene dzina la wosoka linkabisika mkati mwa kolala. Chizindikiro cha Nike chija adajambula ndi mtsikana wa pa koleji, Carolyn Davidson, mu 1971, n'kulipidwa madola 35.

Pakokha kachizindikiro n'kopanda pake. Kamalemera chifukwa cha anthu amene amaoneka atakavala. Nike itagwirizana ndi Michael Jordan mu 1984, achinyamata sankangogula nsapato, ankafuna kufanana ndi Jordan. Lero ntchito imeneyo akuigwira ndi osewera mpira a ku England amene timawaonera pa TV, ndi oimba a ku Nigeria, ku South Africa ndi ku America. Mnyamata wa pa Chatoloma sadapondeko ku Milan, koma pa foni yake waona kambirimbiri anthu amene amawasirira atavala Gucci, mpaka m'mutu mwake dzinalo lidamatana ndi kupambana.

Njira ina ndi kusowetsa katundu dala, chifukwa chinthu chikapezeka paliponse dzina limagwa. Mu 2018 zidaululika kuti Burberry ya ku Britain idawononga katundu wosagulidwa wa mapaundi 28.6 miliyoni m'chaka chimodzi, m'malo momutchipitsa. Anthu adakwiya, ndipo kampaniyo idalengeza chaka chomwecho kuti yasiya mchitidwewo.

Ndiye kuti chodula n'cholimba kuposa chotchipa?

Nthawi zina inde: nsalu yabwino, ulusi wolimba, zipi yosafa msanga. Koma mtengo umasiyana kwambiri kuposa mmene kulimba kumasiyanira. Mu 2024 khoti la ku Milan, pofufuza mafakitale ena osokera Dior, lidamva kuti chikwama china chimene kampaniyo inkalipira mayuro 53 kuti achisoke chinkagulitsidwa mayuro 2,600 m'sitolo. Mayuro 53 aja sakuphatikizapo chikopa, komabe mpatawo ndi waukulu. Zotsalazo mukulipira lendi ya masitolo a m'misewu yodula, otsatsa malonda, phindu, ndi dzina.

Poti kaunjika ndi mafeki zadzaza msika, lebo ikadali ndi tanthauzo kuno?

Chovala cha lebo chimafika ku Kasungu panjira zitatu. Pali belo la kaunjika, momwe muli zovala zovalidwapo kale kunja, zambiri mwa izo zenizeni. Pali zatsopano zokopera, zambiri zopangidwa ku China, zimene amalonda amakapikula ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ku Joni, kapena m'masitolo a ku Lilongwe. Ndiye pali chatsopano chenicheni, chimene munthu wachita kukagula kunja kapena kutumiziridwa ndi mbale wake, ndipo chimenechi n'chosowa zedi. M'Malawi muno mulibe sitolo ya Gucci kapena ya Louis Vuitton. Kuti muione muyenera kukafika malo ngati Sandton ku Johannesburg.

Zotsatira zake n'zoseketsa. Malaya osuluka a Ralph Lauren amene wavala wakabaza, amene adawatola pa mulu madzulo mtengo utagwa, mwina ndi enieni. Lamba wonyezimira wa Gucci amene wamanga bwana wa pa ofesi mwina ndi feki. Anthu amazidziwa zimenezi ngakhale sazinena, n'chifukwa chake sayang'ana lebo yokha. Maso amachoka pachifuwa kutsikira ku nsapato, n'kupita pa foni, kenako amafufuza kuti mwabwera pa chiyani, pa galimoto, pa njinga yamoto kapena wapansi. Zonse zikagwirizana amati, "Akuluwa zikuwayendera." Zikapanda kugwirizana, lebo yomwe ija imasanduka mboni yokutsutsani: "Akungodzikakamiza awa."

Tsiku lina mudzaime pomwe akutsegula belo m'mawa wa tsiku la msika. Waya akangodulidwa, oyamba kulowetsa manja si ofuna kuvala ayi, ndi anyamata osankha, amene amatembenuza kolala iliyonse kuti aone dzina. Sayang'ana n'komwe mtundu kapena kukula kwake, chala chimangothamangira pakhosi. Zimene apatula amakazichapa, kuzisita ndi kuzipachika pa hang'ala, mtengo n'kukwera kangapo. Zotsala zimathiridwa pa pulasitiki pansi, wogulitsa n'kumakuwa mtengo umodzi wa zonse. Choncho ngakhale mu kaunjika muli magulu, wa pa hang'ala ndi wa pansi. Ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, belo lidakwera moti kumayambiriro kwa 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe adaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula. Jekete labwino la pa hang'ala lidasiya kale kukhala chovala cha wosauka.

Ndingazindikire bwanji feki ndisanatulutse ndalama?

Yambani ndi mtengo. Zikwama zambiri zatsopano za Louis Vuitton zimaposa madola 1,000, ndiye chimene akukutsatsani pa mtengo wa thumba la chimanga musavutike n'kuchifufuza.

Chikakhala cha kaunjika, chitembenuzeni muone mkati. Chenicheni msoko wake umayenda mowongoka, ulusi sulendewera, ndipo m'mbali mumakhala kansalu kolembapo mtundu wa nsalu, dziko limene chidasokedwa ndi kachapidwe kake. Chizindikiro chopetedwa bwino chimaoneka chaukhondo, pomwe cha feki nthawi zambiri amangomata, ndipo sichichedwa kusweka mukayamba kuchapa. Ng'ona yeniyeni ya Lacoste mano ndi diso zimaoneka bwinobwino, ya feki imakhala yonenepa, yosadziwika mutu ndi mchira. Nsapato muzinunkhiza: guluu wonunkha kwambiri, kapena wotuluka m'mphepete mwa soli, ndi chenjezo. Muwerengenso dzina modekha. Adidas ili ndi mizere itatu, osati inayi, ndipo Adibas si m'bale wake.

Kuona Vietnam, Indonesia kapena China pa kansalu ka mkati sikutanthauza kuti mwagwidwa m'maso. Nike ndi Adidas zenizeni zambiri zimasokedwa kumeneko.

Kodi kuvala feki n'kulakwa?

Wovala amene akudziwa chimene wagula sitingamuzenge mlandu. Wolakwa ndi wogulitsa amene akulumbira kuti ndi orijino n'kulipiritsa mtengo wa orijino. Kumeneko n'kuba, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula onamizidwa. Vuto la wovala ndi lina: mtima sukhala m'malo pakafika munthu wodziwa zinthu.

Zimenezi zayamba ndi Facebook ndi TikTok?

Ayi ndithu. Afunseni agogo anu za anthu obwera ku Wenela ndi ku Theba. Munthu ankachoka ku migodi ya ku Joni kapena ku mafamu a ku Rhodesia ali ndi jekete, chipewa, nsapato zachikopa, wotchi ndi sutikesi, ndipo mudzi wonse unkadziwa mmene ulendo wayendera pongoona zovalazo. Wobwera ali mbuu ankalowa m'mudzi usiku.

Ife a ku Kasungu tili ndi chitsanzo cha pakhomo penipeni. Kamuzu Banda atabwerera m'dziko muno mu 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, anthu adamuzolowera mu suti ya zidutswa zitatu, chipewa kumutu, litchowa m'manja, ndipo sadasinthe kavalidweko mpaka kuchoka m'boma mu 1994. Suti ija inkanena kuti uyu ndi dokotala wophunzira ku America ndi ku Scotland, wotha kukhala pa tebulo limodzi ndi azungu. Litchowa linkanena kuti ndi mkulu wa kwathu konkuno. Panalibe dzina la kampani pachifuwa, koma ntchito yake inali yomweyi. Nsalu za mbumba zokhala ndi nkhope yake, ngakhalenso nsalu za zipani za masiku ano, zimauza anthu mbali imene muli musanatsegule pakamwa.

Chimene intaneti yasintha ndi kuchuluka kwa oonerera. Kale munthu ankatchena kuti amuone a m'mudzi pa Khirisimasi. Lero chithunzi chimodzi chimafika kwa anthu a ku Mzuzu, ku Blantyre ndi ku Joni, amene sangadziwe kuti jeketelo ndi lobwereka ndipo galimoto yatsamiridwayo ndi ya eni ake. Pa foni ambiri ndi alendo kwa inu, ndiye lebo imagwira ntchito kwambiri kumeneko kuposa pamsewu wa kwanu.

Tisadzione ngati tafika patali. Ku Kinshasa ndi ku Brazzaville kuli a sapeur, amene kutchena adakusandutsa moyo wawo wonse, ndipo woimba Papa Wemba anali mmodzi wa akuluakulu awo. Ku South Africa, cha m'ma 2010, achinyamata otchedwa izikhothane ankang'amba kapena kutentha zovala zodula pagulu pofuna kuonetsa kuti akhoza kugula zina.

N'chifukwa chiyani mlimi wa fodya akatchena amamuseka, pomwe wa pa ofesi amamuyamikira?

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama zimayamba kuyenda pa boma, ndipo amalonda amakhala atakonzeka kale. Mlimi amene wavutika kuyambira ku nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa mpaka kudinda mabelo, akagula tirakisuti ya Adidas ndi nsapato zoyera, anthu amayamba: "Ndalama za fodya zamuzunguza mutu, pofika Okutobala agulitsa zonsezo." Kalaliki amene wagula zomwezo ndi ndalama ya katapila palibe amamunena. Uku n'kukondera. Mlimiyo ndalama zake adazikhetsera thukuta, ndipo fodya amene amalimayo ndiye amabweretsa ndalama zakunja zochuluka m'dziko muno. Madola amene amaitanitsira mabelo a kaunjika ena mwa iwo amachokera m'chigafa mwake momwemo.

Komabe onenawo pali chimene adaona. Ndalama za fodya zimabwera kamodzi pachaka, ndipo walira mvula walira matope. Nsapato yoyera imafuna jinzi yoyenera, jinzi imafuna foni, foni imafuna malo okakhalako pomwe anthu angaione. Feteleza akamadzafunika mvula ili pafupi, nsapato ija pamsika sangaigule ngakhale theka la mtengo wake.

Ndikupita ku intaviyu. Ndivale za lebo?

Kumeneko lebo ingakuthandizeni pang'ono, poti akukuonani koyamba, koma ikhale yaing'ono. Malaya oyera, ositidwa bwino, okukwanani pamapewa, ndi nsapato yopolishidwa zimaposa skipa yolembedwa Balenciaga kuchoka phewa ili kufika linalo. Mukapita ku banki kukapempha ngongole, kumeneko amayang'ana mapepala ndi chikole, lamba alibe naye ntchito.

Nanga pofuna anzanga atsopano, kapena munthu womanga naye banja?

Apa lebo ikhoza kukubwezani m'mbuyo. Wofufuza wina wa ku America, Stephen Garcia, ndi anzake adapeza kuti anthu amaganiza kuti zinthu zodula ziwakokera anzawo atsopano, chonsecho osankha bwenzi amakonda munthu wooneka wamba. Anthu akhoza kukupatsani mpando wapatsogolo koma osamasuka nanu. Kuno pali zina zowonjezera. Wogulitsa tomato akaona lamba wa Gucci mtengo wa mulu umakwera, ndipo kumudzi ofuna fizi ndi ndalama ya chigayo amachuluka, chifukwa mwalengeza nokha kuti zilipo. Mukakana amati ndinu woumira.

Pa maliro pokha musayerekeze n'komwe. Amayi chitenje ndi duku, abambo zovala zosakuwa, poti mwina mufunika kunyamula bokosi kapena kuthandiza adzukulu kumanda.

Kodi amayi amaweruzidwa mofanana ndi abambo?

Ayi. Mwamuna akatchena anthu amafunsa kuti akupanga geni yanji. Mkazi akatchena funso limakhala lakuti wamugulira ndani, ngakhale ali ndi shopu yakeyake ndipo amakapikula yekha katundu ku Chipata ndi ku Dar es Salaam. Chovala cha mkazi m'dziko muno chidakhala nkhani ya anthu ena kuyambira kale. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo ngakhale lidachotsedwa mu 1993, mu Januwale 2012 mavenda ena adavulabe amayi ovala mathalauza m'mizinda yathu ikuluikulu. N'chifukwa chake chikwama cha lebo pa phewa la mtsikana chimautsa zonena zambiri kuposa wotchi yodula pa mkono wa mnyamata. Wofunika kusintha apa ndi woyang'anayo.

Olemera enieni amavala zilembo zikuluzikulu?

Ena amavala, ambiri ayi. Mu 2010 ofufuza a ku California adayerekeza zikwama za Gucci ndi Louis Vuitton, napeza kuti zotsikirako mtengo ndi zimene zili ndi zizindikiro zokuwa, pomwe zodula kwambiri zimakhala zachete, zozindikirika kwa odziwa okha. Adapezanso kuti opanga mafeki amakonda kukopera zokuwazo. Ku Kasungu sitikusowa kafukufuku pa zimenezi. Mwini esiteti amene aliyense akumudziwa amafika pa boma ndi jekete lakale ndi magambutsi, ndipo m'sitolo amamuthamangira.

Mwana wanga wa Fomu 3 akukana nsapato zimene ndamugulira, akuti anzake amuseka. Nditani?

Mayi, musafulumire kumutcha wamwano. Pa msinkhu umenewo kusekedwa ndi anzake kumapweteka kuposa mmene ife akuluakulu timakumbukira. Yunifolomu imafananitsa malaya ndi siketi, ndiye ana amakasiyanira pa nsapato, pa chikwama ndi pa juzi. Muuzeni poyera ndalama imene ilipo, mupite naye pa kaunjika m'mawa belo likamatsegulidwa, asankhe yekha. Nike yeniyeni yovalidwapo kawirikawiri imakhalitsa kuposa feki yatsopano ya mtengo womwewo. Akafuna yodula kuposa pamenepo, awonjezere yekha ndi ganyu wa pa holide kapena kugulitsa mtedza wake. Koma musalowe katapila chifukwa cha nsapato ya mwana amene phazi lake likukulabe.

Nanga zosokedwa kwathu kuno zingapikisane ndi malebo akunja?

Pa chinkhoswe ndi pa ukwati zidapambana kale. Tsiku limenelo palibe amafunsa za Gucci. Mayi akalowa mu holo ndi diresi la chitenje lomukhala bwino, anzake amamunong'oneza kuti, "Wakusokerani ndani?" ndipo dzina la telala limayamba kuyenda pakamwa, kuchokera ku Mtunthama mpaka pa boma. Alipo okonza mafashoni a m'dziko muno, monga Lilly Alfonso, amene maina awo adafika pa ziwonetsero za kunja. Ndondomeko ya Buy Malawi, imene boma lidakhazikitsa mu 2016, idathandizanso kuti malaya a chitenje azilowa m'maofesi Lachisanu popanda wina kudabwa.

Zofooka zilipo, ndipo tisazibise. Zitenje zambiri za pamsika ndi zochokera kunja, ngakhale fakitale yakale ya David Whitehead ku Blantyre, imene pano imadziwika ndi dzina la Mapeto, ikadalipo. Matelala ambiri saika dzina lawo pa chovala, ndiye ntchito yabwino imayenda yopanda mwini. Ena kunja amasoka mokongola koma mkati amasiya ulusi uli balala, ndipo nkhani ya "mubwere mawa" ndi imene imathamangitsira anthu ku zogula zosokeratu.

Mukafuna kusoketsa, pitani ndi nsalu kudakali nthawi, makamaka miyezi ya maukwati fodya atagulitsidwa, pamene telala wabwino amakhala atadzaza. Pemphani kuona chovala chimene wamalizira munthu wina, muchitembenuze muone msoko wa mkati. Mtengo ndi tsiku lotenga mugwirizane sizasi isanakhudze nsalu, ndipo mukayese chovalacho asanamalize kusoka, kuti pofunika kubweza kapena kumasula akonze nthawi ikadalipo.